Za maola 1,500 aja, amalume

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa msewu wa ku Lumbadzi. Ndamva funso lanu, loti poti mphwanga akufuna zoyendetsa ndege, mumusakire sukulu yabwino kapena yotchipa yoti angounjika maola, popeza mwamva kuti makampani a ndege amafuna munthu woti anayendetsapo ndege maola 1,500.

Amalume, 1,500 ameneyo ndi lamulo la ku America. Linabwera ndege ya Colgan Air itagwa pafupi ndi Buffalo mu February 2009, anthu 50 n'kumwalira. Kale kumeneko munthu ankatha kukhala wachiwiri kwa kaputeni ali ndi maola 250, ndiye mu 2013 anakweza. Koma chimene chimandiwawa ine n'chakuti oyendetsa onse awiri aja anali atadutsa kale 1,500. Kaputeni anali ndi oposa 3,000, mnzakeyo oposa 2,000. Ndege itachepa liwiro, chiwongolero chinayamba kunjenjemera kuwachenjeza. M'malo moweramitsa mphuno ya ndege kuti ithamangenso, kaputeni anakokera m'mwamba. Komanso munthuyu anali atalepherapo mayeso oyendetsa kangapo.

Tengani dalaivala wa minibasi ya Area 25, zaka khumi msewu womwewomwewo. Tsiku lina mabuleki akakana pamtsetse, zaka khumi zija zimuuza chiyani ngati sanaphunzitsidwepo? Chimodzimodzi kuzungulira ndi kandege kakang'ono kunja kuli ngwee. Maola akuwerengeka, eya, koma injini kuzima usiku sanakuonepo. Zimenezo amaziona mu simulator, makina ophunzirira oyerekezera ndege ali pansi, mphunzitsi akumuzimitsira injini dala, mvula, moto, kubwereza mpaka manja azolowere. N'chifukwa chake bungwe loona zandege padziko lonse la ICAO linavomereza laisensi ya wachiwiri kwa kaputeni yotchedwa MPL, ya maola 240 basi, ambiri mwa iwo a mu simulator.

Maola sindikuwanyoza ayi. Kaputeni Sullenberger, amene anatera ndi ndege pa mtsinje wa Hudson ku America mu January 2009 anthu onse 155 n'kupulumuka, anali ndi pafupifupi 20,000. Koma amenewo mphwanga akawapeza pantchito, atakhala pambali pa kaputeni.

Ndiye ndalama zanuzo zipite ku sukulu yabwino. Funsani za ya kampani ya ndege ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa, poti ndi omwewo ali ndi 49 peresenti mu Malawi Airlines. Koma musanagulitse puloti ija, chonde, ayambe wakayezetsa kwa dokotala wa zandege, maso, mtima, makutu, apatsidwe chiphaso cha zaumoyo cha Class 1. Akalephera pamenepo palibe kampani ingamulembe. Muuzeni andiimbire madzulo ano.