Kodi nthanga za cham'mwamba zingachotsedi mtovu m'madzi a mabatire?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Ndirande omwe amakonza mabatire a galimoto. Akuti madzi otsukira mabatire amangowakhuthulira mu ngalande, mvula ikagwa zonse zimatsikira ku Nasolo kenako Mudi, ndiye amva kuti ufa wa nthanga za cham'mwamba umachotsa mtovu m'madzi, akufuna kudziwa ngati nzoona kapena nkhambakamwa chabe.

Nzoona achimwene, koma osati momwe zimanenedwera mu magulupu a WhatsApp. Konkuno ku Malawi a Samson Sajidu ndi anzawo ku Chanco anayesapo ufa wa nthangazi pa mtovu ndi cadmium (chitsulo china chapoizoni), anayesanso dongo la ku Tundulu ku Phalombe, zonse zinkagwira zitsulozi. Mankhusu a mpunga, zitsononkho, makoko a mtedza, zotsalira za nzimbe nazo zimagwira, makamaka mukaziwotcha zikhale makala nkuzisinja bwinobwino. Chimachitika nchakuti mtovu ukasungunuka m'madzi umakhala ndi chaji ya positive pomwe pamwamba pa tizidutswa timeneti pali timalo ta negative, ndiye umakakamira pamenepo ngati misomali pa maginito. Ufa ukakhala wosalala timalo timachuluka.

Komatu madzi anuwo ali ndi vuto lawolawo, muli asidi wa mu batire, ndipo asidi akachuluka amalanda timalo tija mtovu nkusowa pogwira, ndiye mutha kuthira ufa thumba lonse koma osaphula kanthu. Yambani ndi laimu. Sonkhanitsani madziwo mu dramu ya pulasitiki, osati yachitsulo chifukwa asidi aidya, muzithira laimu pang'onopang'ono uku mukutakasa ndikuyeza ndi timapepala ta pH, toyezera kuchuluka kwa asidi, mpaka pH ifike cha pa 9, musapyoze kwambiri chifukwa laimu akachulukitsa mtovu umayambanso kusungunuka. Asiyeni agone, mmawa mupeza matope pansi, ndipo mtovu wambiri uli mmenemo. Madzi apamwambawo ndi omwe muwadutsitse mu chidebe cha makala osinja aja, azidontha pang'onopang'ono, osati kungothira phwaa, chifukwa pamafunika nthawi kuti zigwirane. Cham'mwambacho ine ndingati chisungireni ntchito zina, nthanga zikugulitsidwa pomwe zitsononkho anthu amangotaya.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri salankhulapo. Mtovu suwola, supsa, sutha. Mwangousamutsa kuchoka m'madzi kupita mu matope ndi makala aja, ndiye mukakawataya kudzala, kuthira ku dimba ngati manyowa kapena kusonkhezera pa mbaula ndiye kuti mwangozungulira basi, mwinanso mwaipitsa chifukwa utsi ndi phulusa zimafika kwa ana mosavuta. Aumitseni pamalo pomwe mphepo siuluza fumbi, muwatsekere mu zigubu, mufunse a khonsolo ya mzinda kapena a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, kokazisiya. Makala nawo amakhuta, timalo tikadzaza mtovu umangodutsa, muziwasintha pafupipafupi.

Ndipo chonde madziwo akaoneka mbee sikuti ndi akumwa kapena othirira ndiwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtovu usapyole mamiligalamu 0.01 pa lita m'madzi akumwa, kamlingo komwe diso silingaone, kuwiritsa sikuchotsa, WaterGuard nayenso amangopha tizilombo. Wokuuzani zoona ndi labu basi, tengani botolo limodzi la madzi osasefa lina osefa mupite nawo ku Malawi Bureau of Standards kapena mukafunse ku yunivesite ya MUBAS.

Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, taonani ku Kabwe ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe nawo m'magazi. Ndiye inuyo muzivala magulovesi, musamadyere pa shedi pomwepo, ndipo ovolosi yantchito isamachapidwe limodzi ndi zovala za ana.