Mwalemba zoona zokhazokha, nanga malikisi apita kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka choyamba pa imodzi mwa mayunivesite a boma. Ndaifupikitsa. Akuti Chingerezi anakhoza bwino pa MSCE, ndipo kusekondale aphunzitsi ankawerenga zimangirizo zake pamaso pa kalasi yonse. Koma essay yake yoyamba kuyunivesite yabwerako ndi malikisi ongomupulumutsa, aphunzitsi atalemba pansi pake kuti wangofotokoza, maganizo ake sakuoneka. Funso linali loti aunike zotsatira za maphunziro aulere a kupulayimale omwe anayamba m'Malawi mu 1994. "Zonse ndinalembazo n'zoona, ndinazitenga m'mabuku," akutero. "Nanga ndalakwa pati?"

Achemwali, ndikukhulupirira kuti munalemba zoona. Vuto n'lakuti zoonazo aphunzitsi anu amazidziwa kale. Sanakupatseni funsolo kuti muwakumbutse kuti boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulayimale, kuti ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, kapena kuti zipinda zinachepa mpaka ana n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Akufuna aone chimene inuyo mungachite nazo zimenezi. Kusekondale mukakumbukira mfundo n'kuzisanja bwino, chiyambi, thunthu, mathero, malikisi anali anu. Kuyunivesite malikisi ambiri ali pa chigamulo chanu ndi momwe mwachitetezera. Pabwalo la mfumu mboni imangonena zomwe inaona. Nduna yothandiza kuweruza imamva mbali zonse, n'kuziyeza, n'kunena kuti nkhaniyi yagona apa, pa zifukwa izi. Inu munalankhula ngati mboni pomwe anakukhazikani pampando wa nduna.

Yambirani pa funsolo. Likanena kuti describe, fotokozani basi. Likanena kuti discuss, assess, evaluate kapena to what extent, akukupemphani chigamulo. Ophunzira ambiri amangoona mutu wa nkhani, amvekere "aa, maphunziro aulere, izi ndikuzidziwa", n'kukhuthula zonse za m'manotsi. Lembani funsolo pamwamba pa pepala lanu lokonzekera, ndipo mfundo iliyonse imene silikuifuna muisiye, ngakhale munavutika nayo poifufuza. Zimapweteka, koma essay ya mawu 1,500 si malo osungira zonse munawerenga.

Kenaka pezani chiganizo chimodzi chimene essay yonse idzaimirepo. Kuti "maphunziro aulere anali ndi ubwino ndi kuipa kwake" si chigamulo, chifukwa palibe angatsutse. Ngakhale amene sanawerengepo buku lililonse anganene zomwezo. Yesani ichi: maphunziro aulere anatsegulira ana a m'mabanja osauka khomo la sukulu, koma poti anayamba boma lisanakonze aphunzitsi ndi zipinda zokwanira, phindu lake linaoneka kwambiri pa kulembetsa kusiyana ndi pa kuphunzira. Apa munthu angathe kukutsutsani, ndipo ndi pomwe mwayamba kulemba zakuyunivesite. Chiganizo chimenechi chioneke m'ndime yoyamba. Musachibise kuti chikatulukire kumapeto ngati mathero a nthano.

Pali njira yosavuta yodziyesera. Itanani mnzanu wa kuhositelo amene amaphunzira zina, mumuuze m'Chichewa, m'ziganizo ziwiri, zimene essay yanu ikunena. Mukayamba "ndiye kuti, eti, pali zinthu zambiri", dziwani kuti simunapeze chonena, ndipo Chingerezi chokoma sichikupulumutsani. Ophunzira athu ambiri amaganiza kuti akulephera chifukwa cha chilankhulo pomwe chenicheni n'chakuti ayamba kulemba asanaganize.

Tsopano ndime, pomwe ndikuganiza kuti malikisi anu anatayikira. Tiyerekeze munalemba kuti boma linalemba ntchito masauzande a aphunzitsi osaphunzitsidwa, ndipo pambuyo pake linayambitsa pulogalamu ya MIITEP yowaphunzitsa ali pantchito. Zoona. Mwina munaikapo ndi dzina la buku. Kenaka munadumphira pa nkhani ya mabuku ndi madesiki. Pamene munadumphapo ndi pomwe aphunzitsi ankadikira kumva mawu anu. Mukalemba mfundo, dzifunseni kuti, nanga tsono? Mphunzitsi amene sanapite kukoleji akapatsidwa kalasi yodzaza ya Sitandade 1, chimachitika n'chiyani kwa mwana amene kwawo kulibe womuthandiza kuwerenga? Mwana wotere akabwereza kalasi kawiri, makolo ake amaganiza chiyani za sukulu, ngakhale ili yaulere? Ndipo zimenezi zikulimbitsa bwanji chigamulo chanu chija? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo aphunzitsi amawatcha analysis. Choncho ndime imodzi inyamule mfundo imodzi: muinene m'chiganizo choyamba, mubweretse umboni, mufotokoze chifukwa chake umboniwo ukutanthauza zimene mukunenazo, n'kuilumikiza ku funso. Kawirikawiri gawo lofotokozali liyenera kutalika kuposa umboni. M'ma essay a chaka choyamba zimakhala zotembenuka: mizere isanu ndi itatu ya zimene ena ananena, theka la mzere la mwini wake.

Musathawe okutsutsani. Wina anganene kuti mavuto a sukulu zathu analipo 1994 isanafike, kapena kuti chiwerengero cha anthu chinkakwera mofulumira kotero zipinda zikanachepabe. Winanso anganene kuti mwana amene wakhala m'kalasi yodzaza zaka zitatu wapindulabe kuposa amene sanapondeko n'komwe. Mfundo yachitatuyi ndi yolemera, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanaipatsa ndime yonse. Ilembeni mwachilungamo, monga mwini wake akanainenera, kenaka muonetse pomwe mukuvomereza ndi pomwe ikuperewera. Wochonga akaona kuti mwaigwira mfundo imene iye amafuna kukufunsani, amadziwa kuti mwaganiza. Ena amaopa kuti kutsutsa zolemba za pulofesa ndi mwano. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo kunyumba zimenezo zili ndi malo ake, koma m'maphunziro a pamwamba akatswiri amatsutsana tsiku ndi tsiku. Chimene salola ndi kutsutsa opanda umboni.

Za kopeza umboni sinditalikitsa. Manotsi a m'kalasi ndi poyambira chabe. Pa nkhani ngati yanuyi, Unduna wa Zamaphunziro umatulutsa ziwerengero za sukulu chaka ndi chaka, ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ili ndi malipoti a kalembera, kuphatikizapo wa 2018 yemwe anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pa Google Scholar pali zolemba zambiri za ofufuza zokhudza 1994. Wikipedia ikulozereni njira, koma musaitchule ngati gwero. Ogwira ntchito mulaibulale amadziwa zolemba zimene yunivesite yanu inalipira kale kuti muziwerenga pa intaneti, koma ophunzira amangowafunsa za malo otchajira foni.

Chilichonse chimene mwatenga kwa wina, kaya ndi mawu, nambala kapena ganizo, munene mwini wake. Funsani ngati dipatimenti yanu imafuna njira yotchulira magwero ya APA kapena ya Harvard, ndipo mutsate njira imodziyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zonse ziwiri zimafuna dzina la bambo la wolemba ndi chaka mkati mwa chiganizo, tsamba ngati mwatenga mawu ake enieni, ndi mndandanda wathunthu kumapeto. Lembani zimenezi nthawi yomwe mukuwerenga, osati usiku womaliza buku litabwezedwa kale. Kusintha mawu awiri atatu m'chiganizo cha munthu n'kuchisiya chilili ndi kukopera ndithu. Tsekani bukulo, nenani ganizolo m'mawu anu, n'kutchulabe mwini wake. Pulogalamu ya Turnitin imayerekeza zolemba zanu ndi za pa intaneti komanso za ophunzira ena zomwe zinaperekedwa kale, kotero essay yobwereka kwa mnzanu wa chaka chachitatu ikhoza kukugwiritsani. Za ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalembera munthu zimene waifunsa, chenjerani kawiri: kupatula kuti mlandu wake ndi womwewo mukapereka zolemba zake ngati zanu, imatha kupeka mabuku ndi olemba omwe kulibe, ndipo mphunzitsi wodziwa phunziro lake amazindikira msanga.

Poti munali katswiri wa zimangirizo, ndikuchenjezeni pa chizolowezi chimodzi. Mawu akuluakulu, miyambi ya Chingerezi ndi chiyambi chozungulira chonena kuti maphunziro ndi kiyi wa chitukuko kuyambira kalekale, zonsezo kuno zimangodya malo. Chiganizo chachifupi chomveka chimaposa chachitali chimene inu nomwe mungasochere mkati mwake. Chiyambi muchilembenso pomaliza, chifukwa nthawi zambiri munthu amadziwa bwino zimene akunena atafika kumapeto. Mukamaliza, isiyeni essay igone, mawa lake muwerenge chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse motsatizana. Zikamveka ngati mlandu umodzi ukuyenda, zili bwino. Zikamveka ngati mndandanda wa mitu, bwererani. Izi zimatheka pokhapokha mwayamba msanga, ndipo nkhani yoti magetsi anazima aphunzitsi anatopa nayo kuimva.

Pepala lachongedwalo musalipinde n'kuliponya pansi pa sutikesi. Pitani nalo ku ofesi ya aphunzitsiwo pa nthawi imene anaika yokumana ndi ophunzira. Musakafunse chifukwa chake anakumanani malikisi, chifukwa pamenepo aliyense amayamba kudziteteza. Sankhani ndime imodzi, muilembenso kunyumba motsata zimene ndanenazi, mukawaonetse zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, n'kufunsa ngati yachiwiriyo ikuyandikira zimene amafuna. Mukafunsenso ngati ali ndi pepala loonetsa momwe amagawira malikisi, muliwerenge musanayambe essay yotsatira.