Kwa achemwali amene afunsa za design system ya m'banki

Achemwali, mwati mwangomaliza ICT pa Mzuni, mwapeza ntchito yokonza mapulogalamu amene antchito a m'banki amagwiritsa ntchito, ndipo abwana akufuna design system ndi ma prototype (zitsanzo zoyesera pulogalamu isanapangidwe) mwachangu. Mukufunsa poyambira. Figma, pulogalamu yojambulira masikirini, ayambe wadikira. Pemphani kaye chilolezo mukakhale kuseri kwa kauntala, pambali pa teller, kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi anamwino atandanda mpaka panja, kapena nyengo ya fodya alimi akamatenga ndalama zawo za ku okushoni.

Mukaona kuti teller wozolowera mouse saigwira n'komwe. Dzanja lina lili pa manambala, lina likungodina batani la Tab lolumphira ku bokosi lotsatira, maso ali pa kasitomala. Mukamupangira sikirini yokongola koma yoti azikoka mouse pa bokosi lililonse, mwamuwonjezera mzere, ndipo wotukwanidwa ndi iyeyo, osati inu.

Design system isakuopseni. Ndi kungogwirizana kamodzi kuti chinthu chakuti chizioneka chonchi ndipo chizichita chonchi paliponse. Ine ndikanayamba ndi bokosi lolembamo ndalama, chifukwa ndi pamene pamaphulikira milandu. K1,500,000 ndi K15,000,000 zimasiyana ziro mmodzi yekha, ndipo munthu amene wakhala akuwerenga ndalama kuyambira m'mawa sangamuone msanga. Bokosilo liziika lokha ma comma pakati pa manambala, ndipo pansi pake ndalamazo zizilembeka m'mawu monga timachitira pa cheke. Deti nalonso mulimange: tsiku patsogolo, mwezi pambuyo, poti makompyuta ena amabwera ndi kalembedwe ka ku America koyamba ndi mwezi.

China chimene ambiri amaiwala ndi netiweki. Ikaduka teller atadina kale kutumiza, kaya ndi nthambi ya ku Rumphi kaya ku Chitipa, sikirini inene poyera kuti zapita, zikudikira, kapena zakanika. Ikangokhala chete, iye adinanso, ndalama n'kupita kawiri. Ndipo poti m'banki munthu wina amalemba, wina n'kuvomereza, supavaiza aziona chimene chasinthidwa chokha, osati fomu yonse kuti azisakasaka.

Mabatani ndi matebulo musavutike kupanga kuyambira pansi. Carbon, design system ya kampani ya IBM, ndi yaulere ndipo matebulo ake ndi oyenera ntchito ya mu ofesi. Tengani, musinthe mitundu, basi.

Pa prototype, yambani ndi pepala ndi pensulo, mukamuonetse teller pa nthawi ya nkhomaliro. Pepala anthu amalitsutsa momasuka, pamene chinthu chooneka ngati chatha amangoti "zili bwino" pokulemekezani. Figma ndi wabwino poonetsa abwana, koma sangakuuzeni ngati kulemba manambala kukuyenda mwachangu. Pamenepo pangani katsamba kosavuta ka pa kompyuta ka HTML, teller alembemo yekha inu mukuwerenga masekondi.

Ndipo chonde, m'ma prototype musaikemo mayina, maakaunti kapena manambala a chiphaso cha unzika a makasitomala enieni. Mafayilo a Figma amasungidwa pa intaneti, kunja kwa banki, ndipo dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024. Pekani anthu anuanu, koma muwapatse mayina aataliatali ndi ndalama za mabiliyoni, muone ngati mabokosi anu sakudula zilembo.