HashMap imodzi inandigonetsa maso pa seva

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake manambala a pa kauntala ya mu pulogalamu yanu ya Java akusinthasintha. Si vuto la database ayi, ndi count++ (mzere wowonjezera 1 pa nambala) imene ma thread anu onse, tizigawo ta pulogalamu toyenda pamodzi, akuigwira nthawi imodzi. Mzerewo umaoneka umodzi koma muli ntchito zitatu: kuwerenga, kuwonjezera, kulemba. Ma thread awiri akawerenga 7 pamodzi, onse amalemba 8, imodzi yatayika basi. Ine zoterezi zinandionetsa zakuda.

Tinali pa Java 7. HashMap imodzi (tebulo losungiramo zinthu mu pulogalamu), ma thread 40 akulowamo ndi kutulukamo. Anailemba choncho ndi mkulu wa timu yathu, akuti ConcurrentHashMap, imene inapangidwira ma thread ambiri, imachedwa. Nditafunsa anandiseka. Lachisanu usiku foni kuliratu: seva siikuyankha. CPU ili pa 100%, mu log muli zii, error ngakhale imodzi palibe. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, inayenda mphindi 20, kenako gwa, yaumanso. Katatu konse. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, maso ali psuu, ndinayendetsa jstack, chida choonetsa zimene thread iliyonse ikuchita. Ma thread onse akuti RUNNABLE, onse ali mu HashMap.get, pamzere womwewo. Sanali kudikirana, ankangozungulira. Mu Java 7 HashMap ikadzaza imakula, ndipo posamutsa zinthu imatembenuza mndandanda wa mu bucket (kachipinda kosungiramo zinthu mu HashMap). Ma thread awiri akasamutsa pamodzi, chinthu A chimaloza chinthu B, B n'kulozanso A, ndiye aliyense wofufuza mmenemo satulukanso. Nditamvetsa zimenezi ndinangokhala chete pampando, kunja kukucha.

Lolemba pa msonkhano mkulu uja ananena pamaso pa onse kuti ine ndi amene sindinayese bwino. Uyesa bwanji chinthu chimene pa laputopu sichichitika? Ukaikamo println (yosindikiza uthenga) kuti uone, vuto limabisala, chifukwa println nayonso imakhoma loko ndipo ma thread amayamba kupatsana mpata. Git blame, imene imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza, inkaonetsa dzina lawo bwinobwino, koma palibe anaitsegula. Mpaka lero kupepesa ayi.

Chifukwa cha mkwiyo ndinathira synchronized (loko yolola thread imodzi yokha kulowa pa nthawi) paliponse. Sabata yotsatira deadlock, ndipo imeneyo inali yanga ndithu: thread ina yagwira loko yoyamba ikudikira yachiwiri, inzake yagwira yachiwiri ikudikira yoyamba. Mwayi wake jstack imakuuza yokha kuti yapeza deadlock.

Ndiye inu, pa kauntalayo ikani AtomicLong, imene imamanga ntchito zitatu zija kukhala imodzi. Wina akakuuzani za volatile musamvere, imangothandiza kuti ma thread aone nambala yatsopano, koma ntchito zitatu zija siizimanga pamodzi. Maloko akakhala awiri, muziwagwira m'dongosolo limodzi nthawi zonse. Kunena zoona ndikanakonda mukanasiyiratu ma thread, thread imodzi imakwana pa ntchito zambiri. Koma poti mwayamba kale, pamene mukukayikira paliponse ikanipo synchronized kaye, za liwiro mudzaziona manambala akayamba kugwirizana.