Alamu anu akuti Usenet, ine ndikuti dikirani kaye

Imelo yabwera kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Luchenza. Akuti alamu awo a ku Joni awauza kuti asiye kuvutika ndi ma gulupu a WhatsApp, alembetse ma newsgroup a Usenet, omwe ndi mabwalo akale a pa intaneti okambiranapo ndi kugawana mafayilo, kumeneko ndiye kuli mabuku, mavidiyo komanso macheza anzeru, ndiye akufunsa ngati n'zoyenera kulipira.

Aphunzitsi, funso lanuli landigunda pachilonda. Ine ndine adimini wa gulupu ina ya anthu othandiza ana a Folomu 4 kuno kwathu, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli uko, ndipo tinayitsegula ndi cholinga chimodzi basi, kugawana ma past paper a MANEB ndi manotsi. Lero mukalowamo mupeza zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino, wina akugulitsa nanazi, wina watumiza voice note ya mphindi naini ya ndale, ndiye pakati pa zonsezo penapake pakwiririka pepala la Biology lomwe munthu anavutika kulijambula tsamba ndi tsamba. Mawa lake wina walowa kumene, moni sapereka, "adimini tumizaninso Biology ija". Ndipo sindingamudzudzule, chifukwa walowa mochedwa ndipo zomwe zinatumizidwa kale sakuziona. Winanso anachiona koma analibe bandulo tsiku limenelo, pomwe akuti adawunilode patapita nthawi foni ikumuuza kuti fayilo kulibe, apemphe amene anatumiza. Amene anatumizayo anagulitsa foni.

Chinandipweteka kwambiri ndi nthawi ya Freddy, Malichi 2023. Pa zonse zomwe zinatayika kuno ku Mulanje mafayilo ndi chinthu chaching'ono zedi, sindikufanizira ndi miyoyo ndi nyumba za anthu ayi, koma mnzathu amene ankasunga zonse za gulupu foni yake inapita ndi madzi, ndipo ntchito ya zaka inathera pomwepo, tinayambanso kupemphana ngati sitinakhalepo nazo.

Ndiye ndikamva za Usenet mtima umandikoka ndithu, chifukwa anthu aja nkhani yosunga zinthu mwadongosolo anayiganizira kalekale. Anayambitsa ndi ophunzira awiri a pa Duke University ku America, Tom Truscott ndi Jim Ellis, ganizo linabwera 1979 ndipo 1980 zinayamba kuyenda, mawebusayiti kulibe. Ilibe mwini mmodzi. Ukalemba uthenga pa seva imodzi, sevayo imapatsira anzake, anzakewo apatsiranso ena mpaka wafika ponseponse. Nkhani iliyonse ili ndi malo ake, comp ndi za makompyuta, sci za sayansi, rec za zosangalatsa, soc za chikhalidwe ngati soc.culture.african, ndipo yankho limakhala pansi pa funso lake, osati kusakanikirana ngati kaunjika. Linus Torvalds analengezera Linux, pulogalamu yake yoyendetsera kompyuta, kumeneko, mu comp.os.minix, Ogasiti 1991, ndipo uthengawo mpaka pano anthu amauwerenga. Ife pepala la sabata yatha latisowa kale.

Koma musaganize kuti azungu ndiye samasokoneza. Kale Seputembala aliyense kunkabwera ophunzira atsopano a ku yunivesite osadziwa mwambo, akale n'kuwalangiza mpaka akhazikike. Cha m'ma 1993 ndi 1994 makampani a intaneti ngati AOL atatsegulira aliyense chitseko, alendo anachuluka kuposa owalangiza, mpaka nyengoyo anaipatsa dzina loti Eternal September. Otsatsa malonda nawo anakhamukira konko. Google, yomwe inagula nkhokwe ya mauthenga akale ya Deja News mu 2001, inasiya kulandira mauthenga atsopano a Usenet mu Febuluwale 2024. Macheza anzeru amene alamu anu akunenawo alipobe m'makona mwina, koma ochepa, m'Chingerezi, ndipo ambiri ndi a madala a zamakompyuta.

Zomwe alamu anu sanakuuzeni

Anthu amene amalipira Usenet masiku ano ambiri sakufuna macheza, akufuna alt.binaries, komwe kumakhala mafayilo. Fayilo yaikulu imaduladulidwa tizidutswa tambirimbiri, iwe umapeza kafayilo ka NZB kosonyeza komwe kuli tizidutswato, kenako pulogalamu ngati SABnzbd kapena NZBGet imatolera n'kulumikiza. Izi zimafuna laputopu, magetsi osathimathima, komanso intaneti yopanda malire. Kampani ngati Newshosting kapena Giganews imafuna ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, pa khadi la ku banki, ndiye inu mukudziwa mmene forex ikuvutira chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023. Mwalipira kumeneko, bandulo mugulanso panokha, filimu imodzi yooneka bwino imatha kudya ma GB angapo. Ku Joni ali ndi intaneti yothamanga ya fibre m'nyumba, n'chifukwa chake akuona ngati n'zophweka.

Ndipo tinene mosabisa, zambiri za kumeneko ndi zakuba, mafilimu ndi mapulogalamu a eni ake, ena obisamo ma virus. Ndikudziwa wina anena kuti nanga anyamata a pa burning centre pa msika sachita zomwezo, akutiikira nyimbo pa memori tsiku ndi tsiku. Eya amachita, ndipo ine zimandinyansa ndithu, woyimba wagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo kenako nyimbo yake ikuyenda pa Xender iye osaona ngakhale tambala. Lamulo la Copyright la 2016 lilipo, COSOMA ilipo, kungoti tinazolowera. Mphunzitsi asakhale woyamba kuonetsa ana njira imeneyo, pamenepo sindisintha maganizo.

Chachikulu n'choti zomwe inu mukufuna ndani angakaziike kumeneko? Pepala la Chichewa la MSCE, manotsi a Agriculture olingana ndi silabasi yathu, zimenezi zimapezeka chifukwa mphunzitsi wina wa ku Bvumbwe kapena ku Thekerani anakhala pansi n'kujambula ndi foni yake. Mafayilo tili nawo kale ife, chikutivuta ndi posungira, komanso ulesi wolemba dzina. Munthu kutumiza fayilo yotchedwa DOC-WA0007, ndiye tidziwa bwanji kuti ndi Masamu?

Ndiye musalipire. Tsegulani foda pa Google Drive, amapereka 15GB yaulere, fayilo iliyonse muilembe phunziro ndi chaka, linki muyiike pa description ya gulupu, ndipo akhale ndi mphamvu pa fodayo anthu awiri osati mmodzi. Kapena channel ya Telegram, poti wolowa lero amaona zonse zakale. Zonsezo muzikoperenso pa fulashi yokhala mu staff room. Ngati chidwi cha Usenet chikadalipo, ikani pulogalamu ya Thunderbird pa laputopu mulembetse pa seva ya Usenet yomwe anaipatsa dzina lomwe lija la Eternal September, ndi yaulere ndipo ili ndi zolemba zokhazokha, sizidya bandulo. Alamuwo muwauze kuti ndalama ya Usenet ija angokutumizirani mugulire fulashi.