Mwana wanga akufuna kuphunzira za migodi, ndimuletse?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 3 ndipo akuti akufuna kudzaphunzira za migodi. Ine ndimamva kuti migodi imawononga madzi ndi minda ya anthu. Kodi ndimuletse? Ndine mayi wa ku Balaka.

Yankho: Mayi, mantha anuwa ali ndi maziko. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero fumbi lake lili m'dothi momwe ana amasewera, ndipo ambiri amapezeka ndi mtovu m'magazi. Mtovu umasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Mu February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa linagumuka pafupi ndi Chambishi, ku Zambia komweko, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapsa m'minda, ndipo anthu a ku Kitwe anawatsekera madzi a m'mipopi.

Komabe musamuletse. Simenti ya nyumba yanu inachokera ku miyala ya laimu, malata ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, mawaya a magetsi ndi mkuwa. Ngakhale feteleza wa NPK ali ndi fosifeti ndi potashi zokumbidwa pansi. Kukumba sikuleka chifukwa choti mwana wanu wasankha unamwino, ndipo kwanu komweko, ku Kangankunde, kuli miyala ya rare earth yomwe imafunika popanga maginito a magalimoto oyendera magetsi.

Taonani komwe ngozi ziwiri zija zinachokera: zinyalala zotsala miyala ikaperedwa n'kutsukidwa. Zimenezi zimachuluka kutalitali kuposa chitsulo chomwe chimagulitsidwa, ndipo zimakhala pamalopo kampani itapita kale. Pamafunika munthu wodziwa kumanga damu losagumuka mvula ikachuluka, woyeza madzi a m'zitsime za midzi yoyandikana, komanso wokonza dongosolo lobwezeretsa malo mgodi ukadzatsekedwa. Achinyamata ambiri amathamangira uinjiniya wokumba chifukwa ndiwo umamveka dzina, koma ine ndikanakonda mwana wanu ayang'anenso mbali iyi.

Ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, kuli maphunziro a mining engineering (uinjiniya wokumba migodi), geological engineering (uinjiniya wa za miyala ndi nthaka) ndi metallurgy (kuyenga zitsulo kuchokera m'miyala). Ku MUST ku Thyolo kuli earth science (sayansi ya miyala, nthaka ndi madzi). Pa MSCE alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitiri; jogalafe imathandizanso. Kemisitiri asaipeputse, chifukwa nkhani ya madzi a asidi yagona pamenepo.

Ntchito si ya ku mgodi kokha. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti mgodi usanayambe pachitike kafukufuku wa momwe udzakhudzire chilengedwe ndi anthu, yemwe amatchedwa ESIA. Ena amalemba malipoti amenewa, ena ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, amawaunika.

Chimodzi mumuuze mosabisa: ntchito za migodi zimayendera mitengo ya pa msika wa kunja. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, koma mu 2014 unaima mtengo utagwa, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito. Wodziwa za madzi ndi dothi zikatero angathe kupeza ntchito ku mabungwe a madzi, kwa okumba mijigo kapena kwa omanga misewu. Akamasankha makosi ku koleji, asalumphe hydrogeology (maphunziro a madzi a pansi pa nthaka) ndi GIS (kupanga ndi kusanthula mapu pakompyuta).