Za galu womangidwa pa unyolo ndi lamulo la nyama kuno ku South Africa

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu angamangidwe chifukwa cha galu, popeza mwini nyumba imene mukuchita lendi ku Rosettenville amasiya galu wake pa unyolo waufupi tsiku lonse popanda madzi, ndiponso ngati kuli bwino kudikira lamulo latsopano limene mwamva kuti likukonzedwa. Ine ndikuti musadikire, chifukwa lamulo limene lilipo kale likukwanira pa nkhani yanuyi.

Lamulolo ndi Animals Protection Act la chaka cha 1962. Gawo lake lachiwiri limatchula momveka kuti ndi mlandu kumenya kapena kuzunza nyama, kuimana chakudya kapena madzi, kuisiya yokha popanda woisamala, komanso kuimangirira mwanjira yoivutitsa kapena pamalo pamene ilibe pobisala dzuwa ndi chisanu. Wopezeka wolakwa amalipira chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 12, ndipo khoti lingathe kumuletsa kusunganso nyama. Omenyanitsa agalu chilango chawo chimafika zaka ziwiri.

N'zoona kuti lamuloli ndi lakalekale, la m'nthawi ya tsankho, ndipo ambiri amadandaula kuti chilango chake n'chochepa poyerekeza ndi nkhanza zimene zimachitika. Unduna wa zaulimi wakhala ukunena kwa zaka zambiri kuti ukulemba lamulo latsopano la chisamaliro cha nyama, koma ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Aphungu a chipani cha ACDP, mayi Cheryllyn Dudley mu 2018 kenako bambo Steve Swart mu 2021, anapereka ku nyumba ya malamulo bilu yoletsa kuyesera mafuta odzola pa nyama, koma sinafike pokhala lamulo.

Kusintha kwenikweni kunachokera kukhoti. Mu 2010 oyendera a bungwe loteteza nyama m'dziko lonse la NSPCA anaona ngamila ziwiri zikuphedwa mwankhanza ku Lenasia pa mwambo wachipembedzo, ndipo oimira boma pa milandu atakana kuzenga mlanduwo, bungwelo linapita nayo nkhaniyo mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku Braamfontein. Mu Disembala 2016 khotilo linagamula kuti NSPCA ili ndi mphamvu yozenga yokha milandu ya nkhanza kwa nyama boma likakana, ndipo linavomereza kuti nyama ndi yofunika payokha, osati chifukwa chongoti ndi katundu wa munthu. Kwa ine chigamulo chimenechi n'cholemera kuposa malonjezo onse amene takhala tikumva.

Ndikulemba motere chifukwa ndinaziona ndi maso anga pa yadi ina imene ndinkakhala kale. M'mawa wina wa mwezi wa Julaye ndinapeza madzi ataundana m'beseni, galu atadzipinda pa simenti, waya amene anamumanga nawo atamudya khosi mpaka kutuluka mafinya. Tonse tinkangodutsa, aliyense akuti za eni n'za eni, ndipo ena ankaopa kuti akayankhula atulutsidwa m'chipinda. Mantha amenewo ndimawamvetsa, pakuti mlendo kuno amayenda mosamala, koma galuyo anavutika miyezi yambiri chifukwa cha kukhala chete kwathu.

Choncho jambulani zithunzi pa foni, lembani masiku ndi nthawi zimene galuyo wakhala wopanda madzi, kenako imbirani ofesi ya SPCA (bungwe loteteza nyama m'madera) imene ili pafupi nanu ndipo muwapemphe kuti asatchule dzina lanu. Kawirikawiri oyendera amayamba ndi chenjezo ndi malangizo, koma mwini galu akaumitsa khosi angathe kutenga chilolezo kwa majisitireti n'kudzamulanda galuyo.

Kwa abale amene angade nkhawa za mbuzi ya pachinkhoswe kapena ya pasadaka, lamulo la Meat Safety Act la 2000 limalola kupha chiweto pa mwambo kapena chodya pabanja, bola nyamayo isagulitsidwe, ngakhale khonsolo ya Johannesburg imafuna kudziwitsidwa pasadakhale. Chimene chingakupalamulitseni ndi kuinyamula m'buti ya galimoto itamangidwa miyendo kwa maola ambiri, kapena kuizinga ndi mpeni wobuntha.